Sayansi ya Mowa Wofulula Kunyumba ndi Malt Extract

Ku Britain ndi ku America, kumene malamulo analola anthu kufulula mowa kunyumba popanda chiphaso kuyambira mu 1963 ndi 1979, ambiri amayambira pa malt extract, omwe ndi madzi otsekemera a chimera cha balere amene aphwetsedwa ku fakitale mpaka kunanda ngati uchi, kapena kuumitsidwa kukhala ufa.

Ntchito yovuta pofulula mowa uliwonse ndi kusandutsa sitachi wa m'njere kukhala shuga. Njere ikamamera imapanga ma enzyme, zinthu zofulumizitsa kusintha kwa chakudya, ndipo n'chifukwa chake phala la thobwa limasungunuka ndi kutsekemera akathiramo chimera. Ku fakitale chimera chogaya amachiviika m'madzi otentha pafupifupi madigiri 65 kwa ola limodzi, kotero wogula malt extract amapeza gawo limeneli litachitika kale.

Chotsalira n'kusungunula chitini cha malt extract cha makilogalamu pafupifupi 1.7 ndi kilogalamu imodzi ya shuga m'madzi otentha, kenako kuwonjezera madzi ozizira mpaka malita 23. Ngati m'chitinimo mulibe hops, maluwa amene amapatsa mowa kuwawa ndi fungo ndiponso amauteteza kuti usaonongeke msanga, wofulula amawiritsa madziwo ndi maluwawo kwa ola limodzi. Madzi akazizira kufika pakati pa madigiri 18 ndi 22 amathiramo yisiti, tizamoyo tating'onoting'ono timene timadya shuga n'kutulutsa mowa ndi mpweya wa carbon dioxide, monga anasonyezera Louis Pasteur wa ku France m'zaka za m'ma 1800. Chidebe chimatsekedwa ndi kachipangizo kamadzi kotulutsa mpweya koma kosalola wina kulowa, ndipo pakatha sabata imodzi kapena awiri thovu limaphwa, yisiti n'kudikha pansi.

Popeza madzi a shuga amakomeranso mabakiteriya, ukhondo ndi umene umalekanitsa mowa wabwino ndi wosasa, choncho chidebe, chipande ndi mabotolo ziyenera kutsukidwa ndi mankhwala opha tizilombo. Kuopsa kwa zofululira zoonongeka kunaoneka ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mu Januwale 2015, pamene anthu 75 anamwalira atamwa mowa wamasese wokhala ndi poizoni wa mabakiteriya a mu ufa wachimanga wovunda. Ngozi ina ndi mabotolo ophulika, zimene zimachitika mowa ukatsekeredwa usanamalize kuwira kapena shuga wothira m'botolo kuti pakhale thovu akachuluka.

Kuwira kwa mowa wofulula motere sikutulutsa poizoni wa methanol wochuluka moti n'kuchititsa khungu. Komabe mowawu umakhala ndi mphamvu ya 4 kapena 5 peresenti, yofanana ndi ya mowa wa m'sitolo, ndipo umavulaza chiwindi cha womwa mopitirira muyeso komanso mwana wosabadwa mofanana ndi mowa wina uliwonse.