Zigayo ziwiri zikakhala za munthu mmodzi, ntchito yanu ili pati?

Mu 2015 boma linagulitsa masheya ake a mu Malawi Savings Bank kwa a FDH, ndipo Indebank inapita m'manja mwa National Bank of Malawi. Mu 2017 First Merchant Bank, imene lero timaidziwa kuti First Capital Bank, inatenga Opportunity Bank. Kwa ife osungitsa ndalama, kusintha kotere kumathera pa chikwangwani chatsopano, khadi latsopano ndi yunifolomu ya mtundu wina pa kauntala. Koma pakhomo pamene bambo kapena mayi amagwira ntchito m'kampani yomwe ikuphatikizana ndi ina, nsima imavuta kutsika. Kampani ziwiri zikakhala imodzi, m'tauni imodzi mumapezeka nthambi ziwiri, mamanijala awiri, owerengera ndalama awiri. Aliyense amadziwa kuwerenga, ndipo amayamba kudzifunsa kuti wotsala ndi ndani.

Kuti nkhaniyi tiimve bwino, tiyeni tichoke kaye ku banki tipite pa msika wa kwathu. Pali zigayo ziwiri, china kumtunda, china kumunsi. Chilichonse chili ndi wogaya, wokonola, wolandira ndalama ndi mlonda. Mwini chigayo cha kumunsi watopa ndi mabilu a magetsi ndi malamba oduka, ndiye wagulitsa zonse kwa mnzake wa kumtunda: nyumba, injini, masefa, ngakhale ndowa zoyezera chimanga. Nanga anthu anayi aja agulitsidwa nawo, kapena ntchito yawo yatha?

Ambiri amaganiza kuti yatha basi, popeza amene anawalemba wachoka. Lamulo lathu la zantchito, Employment Act ya mu 2000, silikutero. Gawo 32 limayamba ndi kunena kuti bwana sangakusamutsireni kwa bwana wina inu musanavomere. Kenako limapatula nkhani imodzi: bizinesi yonse kapena mbali yake ikagulitsidwa kapena kuperekedwa kwa wina, kontrakiti ya aliyense amene ali pantchito tsiku limenelo imasamukira yokha kwa mwini watsopano. Simufunika kulemba kalata yofunsira ntchito. Simufunika kuyesedwanso ngati mlendo. Wogaya wa kumunsi akadzuka m'mawa mwake, ndi wantchito wa bwana wa kumtunda, pa malipiro omwewo ndi mfundo zomwezo zimene anagwirizana ndi bwana wakale.

Chimene chimasamuka si malipiro okha. Ngati mlonda anali ndi masiku a tchuthi amene sanapite, masikuwo amutsatira. Ngati bwana wakale anali ndi ngongole ya ovataimu kwa wokonola, ngongoleyo tsopano ili pamutu pa wogula. Lamulo limati chilichonse chimene bwana wakale anachita pa wantchito chimatengedwa ngati wachita ndi watsopanoyo, ndipo apa musasangalale msanga, chifukwa kalata yochenjeza imene munalandira chaka chatha nayonso imasamuka. Koma chachikulu pa zonse, chimene ndikufuna muchigwire ndi manja awiri, ndi zaka. Wogaya amene wakhala zaka 10 akupuma fumbi la mgaiwa kumunsi sayambiranso pa ziro. Zaka zake zikupitirira ngati kuti bwana sanasinthe.

Pali kagulidwe kena kamene kamasokoneza anthu. Nthawi zina chogulidwa si nyumba ndi injini, koma masheya. Mu 2010 Bharti Airtel ya ku India inagula mabizinesi a Zain a mu Africa, kuphatikizapo ya kuno, dzina n'kusintha kukhala Airtel. Pa kagulidwe ka masheya, kampani imene inakulembani ikadali yomweyo m'kaundula wa boma. Asintha ndi anthu otenga phindu. Zili ngati chigayo chikugayabe pamalo pake, buku la antchito lili lomwelo, kungoti madzulo ndalama akukazipereka kwa munthu wina. Apa palibe ngakhale chosamutsa. Kontrakiti yanu sinagwedezeke.

Ndiye kuti palibe angachotsedwe? Ayi, ndikanakunamizani. Bwana wa kumtunda sanagule chigayo chachiwiri kuti azilipira alonda awiri mpaka kalekale. Mwina aona kuti chimanga chimene chimabwera pa msikawo chikukwanira injini imodzi, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zapepuka. Atseka nyumba ya kumunsi, asamutsira chokonolera kumtunda. Tsopano malo olandirira ndalama ndi amodzi, olandira ndalama ndi awiri. Uku ndiye kuchepetsa antchito, kumene m'maofesi amati retrenchment kapena redundancy, ndipo lamulo limakulola. Gawo 57 limati munthu achotsedwe pokhapokha pali chifukwa chomveka, ndipo zifukwa zake ndi zitatu: kulephera ntchito, khalidwe, kapena zofunika pa kayendetsedwe ka bizinesi. Kuchepetsa antchito kumagwera pa chachitatuchi.

Onani kusiyana kwake. Kugulitsidwa kwa chigayo ndi nkhani ina, kutsekedwa kwa injini ndi nkhani inanso. Koyambako sikuthetsa ntchito ya munthu. Kwachiwiriko kungathe kuithetsa, koma bwana ayenera kusonyeza kuti chimene chatha ndi mpando, osati kuti watopa ndi nkhope ya wokhalapo. Akachotsa wolandira ndalama wa kumunsi ponena kuti mpando watha, mwezi wotsatira n'kukhazikapo mphwake pa ntchito yomweyo, chifukwa chija chagwa chokha. Chimodzimodzi akasankha ochotsedwa poyang'ana mtundu, chipembedzo, chipani, kuti mayi ndi woyembekezera, kapena kuti uyu ndi wolongolola mu yuniyoni. Zimenezi lamulo limazikana poyera. Ndipo gawo 61 limaika mtolo pa bwana: nkhani ikafika ku khoti, ndi iye wofunika kupereka chifukwa, n'kusonyezanso kuti anachita mwachilungamo. Akalephera kupereka chifukwa, khoti limangoti kuchotsako kunali kosayenera.

Ine ndimaona kuti bwana wanzeru amakhala pansi ndi antchito zinthu zisanafike poipa. Amawauza kuti mipando yotsala ndi ingati, asankha bwanji, ndipo amamva ngati pali njira ina, monga kusamutsa wokonola kuti akathandize kugaya. Kumene kuli yuniyoni, ino ndiye nthawi yake yogwira ntchito, osati kumangodula ndalama pa malipiro mwezi ndi mwezi. Mabungwe ovomereza kuphatikizana kwa makampani alipo, Competition and Fair Trading Commission komanso la COMESA limene likulu lake lili ku Lilongwe, koma diso lawo lalikulu lili pa mpikisano ndi mitengo, kuti mwini zigayo zonse ziwiri asayambe kulipiritsa momwe wafunira. Za thumba lanu muyenera kuzitsata nokha.

Tsopano tiwerenge ndalama, poti apa ndi pamene anthu ambiri amaluza ali chete. Mukachotsedwa chifukwa chochepetsa antchito, choyamba ndi notisi. Wolandira malipiro pamwezi ayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi, kapena malipiro a mwezi m'malo mwake. Kontrakiti yanu ikanena nthawi yotalikirapo, tsatani imeneyo. Chachiwiri ndi malipiro a masiku amene mwagwira pamodzi ndi ndalama ya tchuthi chimene simunapite, ndipo lamulo limati zimenezi ziperekedwe pasanathe masiku 7. Palinso kalata yosonyeza kuti munagwira ntchito pamalopo, kuyambira liti mpaka liti, pa udindo wanji. Musachoke opanda kalatayi.

Kenako pali severance, ndalama yoperekedwa poona zaka zimene mwatumikira. Chisinthireni lamulo mu 2010, mawerengedwe ake ali motere. Amene sanakwanitse chaka salandira. Pa zaka 5 zoyambirira, chaka chilichonse chathunthu chimabala malipiro a masabata 2. Kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, chaka chilichonse ndi masabata 3. Kuyambira cha 11 kupita m'tsogolo, masabata 4. Powerengera amatenga malipiro amene mukulandira pa nthawi yochotsedwa, ndipo ndalama ya nyumba imalowa nawo m'mawerengedwewo.

Tiyeni timuwerengere wogaya uja. Wagwira zaka 10 kwa bwana wakale, 2 kwa watsopano, ndiye injini yatsekedwa. Zaka 12 zonse zikawerengedwa pamodzi, zisanu zoyamba zimupatsa masabata 10, zisanu zotsatira masabata 15, ziwiri zomaliza masabata 8. Onse pamodzi ndi masabata 33, kuposa malipiro a miyezi 7. Koma tiyerekeze kuti tsiku logulitsa chigayo anamubweretsera pepala, namuuza kuti, "Achimwene, ingosainani apa, ndi kontrakiti yatsopano chabe, palibe chasintha." Pepalalo likunena kuti ntchito wayamba tsiku limenelo. Pakatha zaka 2, wowerengera ndalama atsegula faelo, apeza zaka 2, alemba masabata 4. Masabata 29 asowa chifukwa cha mzere umodzi wa deti. Angathe kukamenyera zakazo ku khoti, popeza lamulo lili kumbali yake, koma ndi ulendo wautali, wodya thiransipoti ndi mtima, pamene akanangofunsa tsiku lomwelo kuti deti lake loyambira ntchito lilembedwe lenileni.

N'chifukwa chake ndimati pepala lililonse lobwera m'nyengo yophatikiza makampani muzipita nalo kunyumba, mukaliwerenge mutakhala pansi. Loopsa kwambiri ndi kalata yosiya ntchito. Ena amauzidwa kuti alembe kalata yotula pansi ntchito ku kampani yakale kuti alembedwe bwino ku yatsopano. Severance imaperekedwa kwa wochotsedwa chifukwa chochepetsa antchito, mavuto a zachuma kapena kusintha kwa kayendetsedwe ka kampani, komanso kwa wochotsedwa mosayenera. Wosiya yekha salandira. Ena amasiya chifukwa cha mantha, atangomva mphekesera m'khonde, n'kuthawa ndalama yawo yomwe. Ngati kampani yalengeza kuti ofuna kuchoka mwakufuna kwawo alembetse, palibe choipa, koma funsani chiwerengero cholembedwa, muchiyerekeze ndi masabata amene lamulo likukupatsani, musanaike dzina.

Mbali inayo nayonso ndiinene, kuti musadzati sindinakuuzeni. Bwana akakupatsani ntchito ina pamalo omwewo, pa mfundo zosachepera zimene munali nazo, inu n'kukana popanda chifukwa chomveka, severance imakudutsani. Mlonda wouzidwa kuti apitirize kulondera pa malipiro omwewo sangakane chifukwa chongoti sakumukonda bwana watsopano, kenako n'kumayembekeza envulopu.

Penshoni ndi thumba lina, musalole kuti aisakanize ndi severance. Malinga ndi lamulo la penshoni, bwana amaika ndalama yosachepera 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5 peresenti, ndipo ndalamazo zimakhala kwa osunga penshoni m'dzina lanu. Kampani zisanaphatikizane, pemphani sitetimenti muone ngati zonse zimene ankadula zinafikadi.

Kwa amene muli ndi ana kapena abale ku Joni, lamulo la kumeneko likufanana ndi lathu pa mfundo yaikulu. Gawo 197 la Labour Relations Act ya mu 1995 limasamutsa antchito pamodzi ndi bizinesi, ndipo gawo 189 limakakamiza bwana kukambirana nawo asanachepetse anthu, ngakhale severance yawo yochepetsetsa ndi sabata imodzi yokha pa chaka chilichonse. Ku Britain malamulo otere amatchedwa TUPE, a mu 2006, ndipo amakhudza ngakhale osamalira okalamba ndi oyeretsa m'maofesi pamene kontrakiti yapita ku kampani ina.

Kuno kwathu, mukaona kuti mwachotsedwa mosayenera kapena mawerengedwe sakukwana, poyambira ndi ku ofesi ya leba ya m'boma lanu. Mkulu wa zantchito amaitana mbali zonse ziwiri kuti agwirizanitse, ndipo zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito, limene lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Khotilo lingathe kulamula kuti mubwezeredwe pantchito kapena mulipidwe chipukuta misozi. Tengani kalata imene anakulemberani ntchito poyamba penipeni, ngakhale ili ndi dzina la kampani yomwe kulibenso, mapepala a malipiro, ndi kalata yokuchotsani. Dandaulo la kuchotsedwa mosayenera liyenera kufika ku ofesi ya leba pasanathe miyezi 3 kuchokera tsiku lochotsedwa, choncho musadikire kuti abwana ayambe akuyankhani.