Ndalama Zosungira Nkhalango Zimachokera Kuti?

Inu a ku Mzuzu, mukatsegula mpope m'mawa, kodi mumadziwa kumene madziwo achokera? Ambiri amachokera ku damu la Lunyangwa. Damulo limamwa madzi otsika m'nkhalango ya Kaning'ina. Mitengo ikatha kumeneko, mvula idzakokolola dothi n'kukwirira damu. Mpope wanu uja udzauma.

Tsono kusunga nkhalango kumalira ndalama. Mlonda amafuna malipiro, nsapato ndi kamba wa paulendo. Boma palokha silingathe zonsezi. Nanga ndalamazo zichoke kuti? Tiyeni tione m'mene achitira anzathu a ku Nyika, kumtunda kwa Rumphi.

Kumeneko ndalama zina ndi zamphatso. M'chaka cha 2023 boma lathu lidapangana ndi bungwe la Peace Parks Foundation kuti azithandizana kuyang'anira Nyika ndi Vwaza kwa zaka 20. Bungweli lidayamba mu 1997 ku South Africa, ndipo mmodzi mwa oliyambitsa adali Nelson Mandela. Ilo limapempha thandizo kwa anthu achuma ndi maiko akunja. Mphatso nzabwino ndithu, koma wopatsa naye amatopa.

Zina zimabwera ndi alendo odzaona nyama. Iwo amalipira pachipata. Amalipiranso pogona m'nyumba za alendo zimene eni malonda adaikapo chuma chawo. Gawo la ndalama zapachipata limapita kumidzi yozungulira.

Koma njira imene inu ndi ine tingaithe ndi ya njuchi. Anthu a m'mphepete mwa Nyika amaloledwa kupachika ming'oma m'nkhalangomo. Mng'oma sufuna feteleza, sufunanso kupalira. Mtengo mukauotcha makala mumaugulitsa kamodzi kokha, basi. Mukausiya, maluwa ake amadyetsa njuchi chaka ndi chaka. Uchi mumafula n'kugulitsa, phula nalonso ndi malonda. Lowani m'sitolo za mu Mzuzu muone mtengo wa botolo limodzi la uchi!

Palinso china. Munthu amene ali ndi ming'oma m'thengo sangalekerere moto wolusa. Akaona utsi amathamanga yekha, osadikira kutumidwa. Ameneyo ndi mlonda amene boma silimulipira.

Ngati mukhala kufupi ndi Kaning'ina, sonkhanani anthu angapo mupange kalabu. Muzisonkha pang'onopang'ono zogulira matabwa a ming'oma. Koma musanapachike ngakhale umodzi, pitani kaye kwa alangizi a za nkhalango mukapemphe chilolezo.