Phunziro la ku Gauteng: Nyumba Yosamalira Odwala Imadziwika Bwanji Kuti ndi Yabwino?

M'nyengo yozizira ya chaka cha 2016, mabanja ambiri a m'chigawo cha Gauteng ku South Africa adali yakaliyakali m'zipatala ndi m'nyumba zachisoni kufunafuna abale awo. Abalewo adali odwala matenda a ubongo amene kwa zaka zambiri ankasungidwa m'nyumba za Life Esidimeni, kampani imene idali pa mgwirizano ndi boma la chigawocho. Mu October 2015, nduna ya zaumoyo ya m'chigawomo, mayi Qedani Mahlangu, idalengeza kuti mgwirizanowo utha, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chidali chofuna kupulumutsa ndalama. Odwala pafupifupi 1,700 adasamutsidwa, ambiri mwa iwo kupita ku timabungwe ting'onoting'ono tomwe si taboma. Ena adanyamulidwa pa magalimoto a katundu, popanda makadi awo a kuchipatala, ndiponso abale awo osauzidwa kumene akupita.

Anthu 144 adamwalira. Dzina lakuti Esidimeni limatanthauza malo a ulemu, koma lero limakumbutsa anthu za imfa zimene zikadapeweka. Nkhaniyi ili ndi phunziro kwa mlangizi wa zaumoyo, wa komiti ya mpingo, ngakhalenso mlimi amene wasiya mayi ake kumalo ophunzitsira kuyenda atadwala sitiroko. Onsewa amafuna yankho la funso limodzi: kodi munthu angadziwe bwanji kuti wodwala akusamalidwa moyenera?

Chidawapha n'chiyani?

Pa 1 February 2017, mkulu wolandira madandaulo a zaumoyo m'dzikomo, Pulofesa Malegapuru Makgoba, adatulutsa lipoti la kafukufuku wake. Pa nthawiyo imfa zodziwika zidali 94, ndipo mwa anthu onsewo mmodzi yekha ndiye adafa ndi vuto lokhudzana ndi matenda a ubongo. Enawo adapita ndi chibayo, kutsegula m'mimba, kusowa madzi m'thupi, khunyu losalandira mankhwala ndi mavuto ena otere, pamene ena adapezeka ndi zilonda zoola komanso matupi owonda ndi njala. Lipotilo lidapezanso kuti mabungwe 27 amene adalandira odwalawo ankagwira ntchito ndi ziphaso zosavomerezeka. Mayi Mahlangu adatula pansi udindo.

Chenjezo lidalipo. Madokotala a matenda a ubongo, achibale ndi bungwe la SADAG, mothandizidwa ndi maloya a Section27, adapita kukhoti mu December 2015 ndi mu March 2016 pofuna kuletsa kusamutsako. Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma aboma sadamvere.

Mu March 2018, Dikgang Moseneke, yemwe kale adali wachiwiri kwa mkulu wa oweruza milandu, adagamula kuti boma lipereke chipukutamisozi cha R1.2 miliyoni ku banja lililonse limene lidadandaula. Mu July 2024, woweruza Mmonoa Teffo wa kukhoti lalikulu ku Pretoria adapeza kuti kulekerera kwa mayi Mahlangu ndi Dr Makgabo Manamela, amene ankatsogolera nthambi ya matenda a ubongo, ndiko kudadzetsa imfa za ena mwa odwalawo.

Chochititsa mantha n'chakuti njala, ludzu, kuzizidwa ndi zilonda sizifuna makina kuti zioneke. Munthu wamba wokhala ndi maso, mphuno ndi mtima wofunsa akhoza kuzizindikira.

Mafunso atatu

M'chaka cha 1966, dokotala wina wa pa yunivesite ya Michigan ku America, Avedis Donabedian, adafotokoza njira yoyezera chisamaliro imene akatswiri akuigwiritsabe ntchito. Iye adagawa nkhaniyi patatu: zimene malowo ali nazo, zimene zimachitika kwa wodwala tsiku ndi tsiku, ndi zotsatira zake pa thupi ndi moyo wa wodwalayo. Mlimi amaidziwa kale njira imeneyi. Pogula ng'ombe amayang'ana khola, amafunsa za kadyetsedwe ndi kudibi, koma potsiriza amagwira nthiti za ng'ombeyo. Khola lokongola silinenepetsa chiweto.

Zimene malowo ali nazo

Choyamba ndi chiphaso. Ku South Africa, lamulo la Older Persons Act la 2006 limafuna kuti nyumba iliyonse yosungiramo okalamba ilembetsedwe kuboma. Komabe nkhani ya ku Gauteng idaonetsa kuti pepala lokhomedwa pakhoma silikwanira. Woyendera aliwerenge bwino: kodi lili ndi dzina ndi malo enieni a nyumbayo? Lidaperekedwa kuti asunge anthu angati, a vuto lanji? Nyumba yololedwa kulera ana siingasanduke yosamalira akuluakulu odwala khunyu chifukwa choti yawonjezera mabedi.

Chachiwiri ndi antchito. Funso lothandiza si lakuti alipo angati pa buku, koma lakuti usiku wathawu adagona pa ntchito ndi angati, ndipo mwa iwo namwino wophunzira adalipo kapena ayi. Afunsidwenso ngati malipiro awo akubwera pa nthawi yake, pakuti wantchito amene watha miyezi osalandira kanthu amathawa, ndipo wotsala amalemedwa.

Chachitatu ndi ndalama. Ku Life Esidimeni boma linkalipira R320 pa wodwala aliyense tsiku lililonse, pamene timabungwe tija tidalonjezedwa R112, ndipo tina tidachedwa kulandira. Ndalama zikachepa motero, chimene chimayamba kudulidwa ndi chakudya, mabulangete ndi anamwino. Choncho woyendera asachite manyazi kupempha kuti aone mosungira chakudya, mpope wa madzi, zimbudzi ndi mabafa. Aonenso ngati njinga ya olumala ingathe kulowa pa khomo la chimbudzi.

Zochitika tsiku ndi tsiku

Ulendo wolengezedwa umaonetsa nyumba yosesedwa ndi odwala ovala zochapa. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nthawi yabwino yofika ndi m'mamawa, pa chakudya chamasana, kapena Lamulungu madzulo pamene akuluakulu a pamalopo kulibe. Nyumba imene imakaniza achibale kulowa m'zipinda zogona, kapena imene imafuna kuti mlendo ayambe waimba foni, iyenera kufotokoza chifukwa chake.

Pa nthawi ya chakudya pamaoneka zambiri. Wodwala amene sangathe kudzidyetsa, kodi pali womudyetsa, kapena mbale imachotsedwa ili yodzaza? Munthu amene adadwala sitiroko nthawi zambiri amavutika kumeza. Akadyetsedwa ali chigonere, chakudya chimalowera ku mapapo ndipo chibayo chimayambira pomwepo. Ayenera kukhazikidwa tsonga, kupatsidwa pang'onopang'ono, ndi kukhalabe tsonga kanthawi akatha kudya. Madzi akumwa akhale pamalo amene dzanja lake lamphamvu lingafikire, chifukwa okalamba ambiri samva ludzu msanga.

Wodwala wosatha kudzitembenuza amafunika kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri aliwonse, usana ndi usiku, ndipo zofunda zonyowa ndi mkodzo zichotsedwe mwamsanga. Fungo la mkodzo wokhalitsa m'chipinda limanena zoona kuposa mkulu wa pamalopo.

Buku la mankhwala nalo liyang'anidwe. Mankhwala a khunyu, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a TB ndi ma ARV safuna kudumphitsa. Ngati buku lili ndi masiku opanda kanthu, kapena likuoneka kuti lidadzazidwa tsiku limodzi ndi dzanja limodzi, pali chobisika. Odwala ambiri akamapezeka ali m'tulo masanasana, woyendera afunse ngati sakupatsidwa mankhwala ogonetsa pofuna kuchepetsa ntchito. Kumanga wodwala pabedi ndi nsalu kapena kumutsekera m'chipinda si chisamaliro. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidatulutsa mu 2012 buku loyezera malo oterewa lotchedwa QualityRights Tool Kit, ndipo mwa zinthu zimene limayang'ana muli ufulu wa wodwala wosazunzidwa ndi wosanyozedwa.

Kumalo ophunzitsira kuyenda pali funso lina lapadera. Mafizo si kusisita chabe. Wodwala aliyense ayenera kukhala ndi cholinga cholembedwa, monga kukhala tsonga payekha, kugwira supuni, kapena kuyenda ndi ndodo mpaka kuchimbudzi. Kwa wodwala sitiroko, kusintha kwakukulu kumachitika m'miyezi yoyambirira, motero sabata yongogona ndi sabata yotayika. Mwendo kapena mkono umene suwongoledwa tsiku ndi tsiku umauma m'mfundo ndi kukhala chopindika. Malo abwino amaphunzitsanso womudikirira wodwala, kuti mafizowo akapitirire kumudzi.

Zotsatira pa thupi

Pano ndi pamene woyendera amagwira nthiti za ng'ombe ija. Ndi chilolezo cha wodwala, ndiponso mwaulemu, wachibale ayang'ane khungu la kumunsi kwa msana, m'chiuno, pa zidendene, pa zigongono ndi pa mapewa. Malo otentha, olimba, kapena osintha mtundu ndiwo chiyambi cha chilonda. Milomo youma, maso olowa ndi mkodzo wochepa wakuda ndi zizindikiro za kusowa madzi. Sikelo ya mwezi ndi mwezi imaonetsa kuwonda kusadafike poipa, ndipo kumene kulibe sikelo, lamba wa thalauzi kapena chitenje chimene chayamba kuzungulira kawiri chimachitira umboni.

Nyumba yoyendetsedwa bwino imadziwa kuti chaka chatha adagwa ndi angati, adatumizidwa kuchipatala ndi angati, adabwerera kwawo ali bwino ndi angati, ndipo adamwalira ndi angati komanso ndi chiyani. Imfa pa malo a odwala ndi okalamba si yachilendo. Chachilendo ndi imfa zotsatizana m'masabata ochepa, kapena imfa imene achibale amva patatha masiku.

Umboni wotsiriza ndi wa mwini wake. Woyendera akhale pansi ndi wodwala popanda wantchito pafupi, ndi kumufunsa zimene adadya dzulo, ngati akaitana usiku kumabwera munthu, ndiponso ngati pali wina amene amamuopa.

Amene alibe owayendera

Ku Zimbabwe, nyumba zosungira okalamba zakhala zikulandira anthu ambiri ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, amene adakalambira m'mafamu ndi m'migodi ndipo njira ya kwawo idatsekeka. Anthu oterewa alibe mwana wobwera kudzayang'ana zidendene zawo. Apa ndi pamene magulu a mpingo, mabungwe a maliro ndi alangizi a m'madera angalowe m'malo mwa achibale. Kagulu ka anthu awiri kapena atatu kamene kamafika mwezi uliwonse, kulemba tsiku ndi zimene kaona m'kope limodzi, kamakhala ndi umboni umene ofesi ya zaumoyo kapena yosamalira anthu siingaukane. Dandaulo liyambire kwa mkulu wa pamalopo. Likapanda kuyankhidwa, lipite kuboma molemba, ndipo odandaulawo asunge kope lawo. Moyo ukakhala pachiswe, wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo, zolemba zibwere pambuyo.

Kuyendera sikutanthauza kusaka zolakwa za antchito. Ambiri mwa iwo amagwira ntchito yolemetsa pa malipiro ochepa, ndipo mlendo wofunsa za sopo ndi mabulangete amawathandiza kunena zimene iwo amaopa kunena. Pamene Moseneke ankapereka chigamulo chake mu 2018, odwala 44 adali asadadziwikebe kumene ali. Choncho kope la woyendera liziyamba ndi chinthu chapafupi kwambiri: mayina a anthu onse amene akugona m'nyumbamo, ndi dzina la munthu woti auzidwe aliyense wa iwo akasamutsidwa.