Mariza, mwana wa ku Maputo amene anatengera fado kutali

M'chaka cha 2001 mumzinda wa Lisbon munali mayi wina wamtali wa zaka 27, wa tsitsi lalifupi loyeretsedwa ndi mankhwala, amene anali ndi chimbale chojambula kale koma chosowa wochitulutsa. Makampani a nyimbo a ku Portugal sanachifune. Fado, nyimbo zimene iye ankaimba, inkaonedwa ngati ya nkhalamba ndi alendo odzaona malo, yosabweretsa ndalama. Chimbalecho, chotchedwa Fado em Mim, chinakatulukira ku Netherlands kudzera ku kampani yaing'ono ya World Connection, ndipo kwawo chinafika mu 2002 chitatchuka kale kunja. Amene anamukana aja anangoona zimbale zikutha m'masitolo.

Mayiyo ndi Marisa dos Reis Nunes, amene dziko limamudziwa kuti Mariza. Anabadwira mumzinda wa Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo, pa 16 Disembala 1973, ndipo anabadwa masiku asanakwane. Bambo ake anali Mpwitikizi, mayi ake a ku Mozambique. Patangopita miyezi inayi, pa 25 Epulo 1974, asilikali anagwetsa boma lankhanza ku Lisbon, ndipo pa 25 Juni 1975 Mozambique inalandira ufulu wodzilamulira. Anthu pafupifupi theka la miliyoni anasamuka ku Angola, Mozambique ndi maiko ena amene Portugal inkalamulira kupita ku Ulaya. Banja la Mariza linali m'gulu la osamukawo, iye ali ndi zaka zitatu.

Anakakhala ku Mouraria, dera la anthu osauka la tinjira topapatiza m'munsi mwa linga lakale la São Jorge. Kumeneko makolo ake anatsegula kanyumba kodyeramo ndi komweramo kotchedwa Zalala, dzina lomwenso lili la gombe lina kufupi ndi Quelimane, m'chigawo cha Zambézia chimene chimachita malire ndi Mulanje. Akanakhala kuti anapeza nyumba m'dera lina la mzindawo, mwina nkhani ino sikanalembedwa, pakuti Mouraria ndi kumene fado inakulira. Maria Severa, woimba woyamba wa fado amene dzina lake likumbukiridwabe, ankakhala m'dera lomwelo ndipo anamwalira mu 1846 ali ndi zaka 26 zokha. Nyimbozi zinali za amalinyero, onyamula katundu padoko ndi akazi oyendayenda, zoimbidwa usiku m'malo amene anthu olemekezeka sankapondako.

Kaimbidwe ka fado n'kosachuluka zida. Pamakhala woimba mmodzi, gitala wachipwitikizi wa zingwe 12 wa mimba yozungulira, ndi gitala wamba woperekeza. Nthawi zina amaonjezerapo gitala wa besi. Woimba wamkazi amavala zakuda ndi shawelo paphewa. Akati ayambe, nyali amazichepetsa, operekera zakudya amaima, ndipo amene apitirize kucheza amadzudzulidwa ndi anzake omwe. Chimene mlendo sachizindikira msanga n'chakuti nyimbo zambiri za fado yachikale zili ndi maimbidwe okhazikika, monga Menor, Corrido ndi Mouraria, amene woimba aliyense amaikamo ndakatulo imene wasankha malinga ikugwirizana ndi muyeso wa mizere. Choncho omvera sabwera kudzamva nyimbo yatsopano. Amabwera kudzamva mmene woimbayo akokere liwu, pamene apumire, ndi mawu amene awatsindike. Ukanama amakugwira pomwepo, chifukwa nyimboyo amaidziwa kuposa iwe.

Mariza anayamba kuimba m'kanyumba ka makolo ake ali ndi zaka zisanu. Poti anali asanadziwe kuwerenga, bambo ake ankamujambulira tizithunzi papepala kuti azikumbukira mawu. Sanapite kusukulu ya nyimbo. Anaphunzira mmene mtsikana wakumudzi amaphunzirira chimtali, poonerera akuluakulu pabwalo mpaka mwendo utazolowera wokha.

Koma atasinkhuka anaisiya fado, ndipo chifukwa chake sichovuta kumvetsa. Boma la António Salazar, amene analamulira Portugal kuyambira 1932 mpaka 1968, linkafuna kuti oimba akhale ndi ziphaso ndipo mawu a nyimbo ankayamba aunikidwa ndi akuluakulu aboma asanaimbidwe. Anthu ankanena kuti boma likuwagoneka tulo ndi zinthu zitatu: fado, mpira ndi Fátima, malo aja opatulika a Akatolika. Ufulu utabwera mu 1974, achinyamata ambiri anaitaya fado pamodzi ndi boma lakalelo. Ngakhale Amália Rodrigues, mfumukazi ya nyimbozi, ananenedwa kuti anali wa boma, ngakhale kuti pambuyo pake zinadziwika kuti ankathandiza mwachinsinsi ena mwa otsutsa. Mtsikana wa m'ma 1980 woimba fado ankasekedwa ndi anzake. Mariza anatembenukira ku soul, jazi ndi nyimbo za ku Brazil, n'kumaimba m'mabala ndi timagulu tosiyanasiyana, ndipo anakhalako kanthawi ku Brazil komweko.

Zaka zimenezi ena amazitenga ngati zotayika. Ine ndimaona kuti n'zimene zinamupanga. Woimba fado wachikale amaima malo amodzi, maso ali chitsinzinire, manja atafumbata shawelo. Mariza anabwerera ku fado akudziwa kuyenda pansanja, kucheza ndi omvera, kuvina nyimbo ikakhala yachisangalalo, ndi kugwira khamu la anthu osamva Chipwitikizi. Luso limenelo analitola m'mabala momwe woimba amalimbirana makutu a anthu ndi phokoso la mabotolo.

Pa 6 Okutobala 1999 Amália anamwalira ali ndi zaka 79. Boma linalengeza masiku atatu okhuza maliro, ndipo mu 2001 thupi lake linasamutsidwira ku Panteão Nacional, kumene amagoneka anthu otchuka a dzikolo. Pa zoimbaimba zokumbukira malemuwo, zimene zinaonetsedwa pa wailesi yakanema, Mariza anali mmodzi mwa oimba achinyamata amene anaitanidwa. Dziko linali likulira, likufunafuna woti alowe m'malo, ndipo linaona nkhope yachilendo. Herman José, katswiri wa nthabwala amene pulogalamu yake inkaoneredwa ndi anthu ochuluka, anayamba kumuitana. Ankaimbanso ku Senhor Vinho, nyumba ya fado ya woimba wamkulu Maria da Fé. Jorge Fernando, amene anaimbirapo Amália gitala, ndiye anatsogolera kujambula kwa chimbale choyamba chija.

Kuchokera apo zinayenda mothamanga. Mu 2002 anaimba nyimbo ya fuko la Portugal pa mpikisano wa mpira wa dziko lonse, pa masewera amene timu yawo inagonja 1-0 kwa South Korea n'kutuluka mumpikisanowo. Mu 2003 wailesi ya BBC Radio 3 inamupatsa mphoto ya woimba wopambana wa ku Ulaya, ndipo chaka chomwecho anatulutsa Fado Curvo. Mu 2004 anaimba ndi Sting pa chimbale cha masewera a Olimpiki a ku Athens. Zitseko za Carnegie Hall ku New York, Royal Albert Hall ku London ndi Sydney Opera House zinatseguka. Mu 2007, ku Walt Disney Concert Hall mumzinda wa Los Angeles, katswiri wolemba mapulani a nyumba Frank Gehry anamukonzera nsanja yooneka ngati kanyumba komwera ka ku Lisbon. Mwana wa mwini bala anafika poti bala akumumangira m'holo ya anthu olemera.

Chimbale chimene chili ndi kanthu kwa ife a kuno ndi Transparente cha 2005, chimene anajambulira ku Rio de Janeiro ndi Jaques Morelenbaum, woimba chelo amene anagwirapo ntchito ndi Tom Jobim ndi Caetano Veloso. Nyimbo imene chimbalecho chinatengera dzina imakamba za agogo ake aakazi achikuda a ku Mozambique. Kwa woimba amene dziko linkamuona ngati nkhope ya Portugal, kuimirira ndi kunena za magazi ake a ku Africa m'nyimbo za ku Lisbon sichinali chinthu chaching'ono, m'dziko limene silikonda kukamba zimene linachita m'maiko amene linkawalamulira. Mu Julayi chaka chomwecho, pa zoimbaimba za Live 8, Mariza anaimba ku Eden Project ku Cornwall, pa nsanja imene inapatulidwira oimba a ku Africa. Komabe tisamulande kwa eni ake. Anachoka ku Maputo ali wamng'ono, sanakulire m'marrabenta, nyimbo za kumeneko, ndipo chimene chili m'khosi mwake ndi Mouraria.

Osunga mwambo sanasangalale nazo zonse. Pamene anatulutsa Terra mu 2008, motsogozedwa ndi Javier Limón wa ku Spain, munali piyano ya Chucho Valdés wa ku Cuba, liwu la Tito Paris wa ku Cape Verde ndi la Concha Buika. Ena anati imeneyi si fado. Mariza anawayankha mu 2010 ndi Fado Tradicional, chimbale cha magitala okhaokha ndi maimbidwe achikale. Kwa ine chimenechi ndi Fado em Mim ndiye zimbale zake zolimba. Zina za pambuyo pake, monga Mundo cha 2015, n'zosalala kwambiri, zokonzedwa kuti zikome pa wailesi iliyonse, ngakhale kuti nyimbo ya Melhor de Mim ya m'chimbalecho inakondedwa ndi anthu ambiri amene sanalowepo m'nyumba ya fado.

Mu Novembala 2011, pa msonkhano wa ku Bali, bungwe la UNESCO linaika fado m'kaundula wa chikhalidwe chofunika kusungidwa pa dziko lonse. Akazembe awiri a pempholo anali Carlos do Carmo, mkulu wa oimba fado aamuna amene anamwalira pa 1 Januwale 2021, ndi Mariza. Njira anali atayamba kuilambula ena monga Mísia ndi Camané m'ma 1990, koma atadutsa iye, makampani aja anayamba kusakasaka atsikana oimba fado. Ana Moura, amene anaimbapo ndi gulu la Rolling Stones komanso Prince, ndi Carminho, anapeza msika uli wotseguka. Mu 2018 Mariza ndi Ana Moura ndiwo anatsegulira usiku womaliza wa mpikisano wa Eurovision ku Lisbon.

Kutchukako kwabwera ndi mtengo wake. Madera a Alfama ndi Mouraria adzaza ndi alendo odzaona malo, nyumba zambiri zasanduka zogona alendo a masiku ochepa, lendi yakwera, ndipo mabanja akale amene ana awo ankakulira m'nyimbozi akusamukira kunja kwa mzinda. Nyumba zina za fado tsopano zimagulitsa chakudya chodula kwa anthu amene amajambula ndi foni woimba ali pakati pa nyimbo.

Kwa zaka 20 Mariza ankaimbako nyimbo za Amália apa ndi apo, koma sanapange chimbale chathunthu cha nyimbozo. Anachita zimenezi mu 2020, chaka chimene Amália akanakwanitsa zaka 100. Anabwerera ku Rio kwa Morelenbaum, ndipo Mariza Canta Amália chinatuluka mu Novembala chaka chimenecho, mliri wa Covid-19 uli pakati, maulendo ambiri okaimba ataimitsidwa.