Maselo: Zimene Mphunzitsi Ayenera Kudziwa Powerenga ndi Ana Nkhani za Zamoyo

Aphunzitsi, ana a m'magiredi oyambirira safunika nthano zokha. Afunikanso nkhani zoona zonena za zomera, nyama ndi matupi ao, ndipo nkhani zotere zimabala mafunso. Mwana wa ku Chiparamba amene amathandiza makolo kudimba angakufunseni kuti, "Aphunzitsi, n'cifukwa ciani repu amafota masana koma akathiriridwa amadzukanso?" Mukamuyankha kuti ndi mmene zilili, adzaleka kufunsa, ndipo mwana woleka kufunsa amangochula mau osafuna kumva tanthauzo. Yankho la funso lake lili m'maselo.

Selo n'ciani?

Camoyo ciliconse cinapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tochedwa maselo. Mu 1665, Robert Hooke wa ku England anaika kacidutswa ka khungwa la mtengo pa maikulosikopu n'kuona timabowo tokhala ngati tizipinda. Ndiye anatipatsa dzinali. Mu 1838 ndi 1839, Matthias Schleiden ndi Theodor Schwann a ku Germany anafotokoza kuti zomera ndi nyama zomwe zinapangidwa ndi maselo. Mu 1855, Rudolf Virchow anatsimikiza kuti selo lililonse limacokera ku selo lina.

Maselo ambiri saoneka ndi maso, koma ena mumawagwira ndi manja. Kaulusi kamodzi ka thonje ndi selo limodzi lomera pa khungu la njere, ndipo limatalika masentimita 2 kapena 3.

Zigawo za selo ndi nchito zake

1. Khungu la selo: limakuta selo lonse ndipo limasankha zolowa ndi zoturuka, monga madzi, cakudya ndi zoipa zofunika kutaya.
2. Saitopulazimu: ndi madzi olendereka odzaza mkati mwa selo, mmene zigawo zina zimagwiriramo nchito.
3. Nyukiliyasi: imasunga DNA, malangizo a mmene camoyo cidzakulire ndi kuonekera. N'cifukwa cake njere ya nshawa imabala nshawa, osati nyemba.
4. Maitokondiriya: amaturutsa mphamvu m'cakudya pogwiritsa nchito mpweya wa okosijeni. Nsima imasanduka mphamvu yothamangira muno.

Maselo a zomera ali ndi zigawo zina zitatu zoonjezera:

5. Cipupa ca selo: cimakhala kunja kwa khungu, ndipo n'colimba. Ulusi wa thonje wokhwima pafupifupi wonse ndi cipupa cimeneci.
6. Makuloropulasiti: ndi tinthu tobiriwira topanga shuga kucokera ku madzi ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi, mothandizidwa ndi kuwala kwa dzuwa.
7. Vakyuwo yaikulu: ndi thumba la madzi pakati pa selo. Likadzaza limakankha cipupa, tsamba n'kuima njo. Madzi akacepa thumba limaphwa, tsamba n'kufota. Ili ndilo yankho la mwana uja.

Zitsanzo za kwathu

Mukazula nshawa mudzaona timatuza pamizu. M'menemo mumakhala mabakiteriya, tizamoyo ta selo limodzi lopanda nyukiliyasi, timene timatenga naitulojeni mumpweya n'kumusandutsa cakudya ca mbewu. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene alimi amasinthanitsira cimanga ndi nshawa m'munda.

Maselo ofiira a m'magazi amanyamula okosijeni. Akakhwima sakhala ndi nyukiliyasi, amakhala moyo masiku pafupifupi 120, ndipo atsopano amapangidwa m'mafuta a m'mafupa. Tizilombo ta malungo timayamba tafika m'ciwindi, kenaka timalowa m'maselo ofiira, kuswana ndi kuwaphulitsa. Motero mwana wodwala malungo kawirikawiri amacepa magazi ndipo amatopa msanga m'kalasi. Musamuyese waulesi, lankhulani ndi makolo kuti apite naye kucipatala.

Mmene mungaphunzitsire

Musawaloweze pamtima ana a Giredi 1 ndi 2 mau monga nyukiliyasi. Cidziwitsoco n'canu. Kwa ana citani izi:

1. Bwerani ndi masamba awiri a repu ofota pang'ono. Limodzi muliike m'madzi m'mawa, lina mulisiye pouma. Funsani ana zimene aganiza kuti zidzacitika.
2. Dulani tomato inu nokha, muwaze mcere, ana aone madzi akuturuka m'maselo.
3. Pakapita maola angapo, ana ayerekeze masamba aja ndi kunena zimene aona. Lembani ziganizo zao pabolodi, monga "Tsamba lamwa madzi."
4. Werengani ziganizozo pamodzi, kenaka awiriawiri. Gawani mau m'maphatikizo: se-lo, tsa-mba, tho-nje, ma-dzi.

Kwa ana a Giredi 3 ndi 4 mungafanizire kuti monga malembo amapanga mau ndipo mau amapanga ziganizo, maselo amapanga ziwalo ndipo ziwalo zimapanga thupi. Koma muwauze kusiyana kwake: lembo silikula, pamene selo limadya, limakula ndi kugawikana. Pomaliza afunseni kuti bala likapola, khungu latsopano limacokera kuti. Aliyense alembe yankho lake m'ciganizo cimodzi, ndipo mudzaona amene amvetsa.