Magetsi a ku Cipatala ndi Asilikali a m'Thupi

Anthu ambiri m'makomboni akamva kuti m'bale wao adzacizidwa ndi magetsi amacita mantha, ena amafuna kumuthawitsa m'cipatala. Cithandizo cimeneci cichedwa ECT. Anaciyamba madokotala awiri, Ugo Cerletti ndi Lucio Bini, ku Rome mu 1938. Masiku ano wodwala amayamba wagonekedwa tulo ndi kulasidwa nyeleti yofewetsa minofu. Ndipo magetsi ocepa amapita ku ubongo kwa masekondi owerengeka cabe. Kambiri amacita kawiri kapena katatu pa mlungu, mpaka nthawi 6 kufikira 12.

Sicipatsidwa kwa aliyense wokhumudwa ai. N'ca amene matenda a maganizo, amene tiwacha depression, awagwira kolimba: akana kudya ndi kumwa, afuna kudzipha, kapena mapiritsi alephera.

Nanga asilikali a m'thupi alowapo bwanji? Kumbukirani mmene mumamvera malungo akakugwirani. Cilakolako ca cakudya cimatha, mphamvu palibe, simufuna ngakhale kuceza. Cocititsa si tizilombo tokha. Asilikali akamamenya nkhondo amatumizirana mauthenga m'magazi, monga IL-6 ndi TNF, ndipo mauthengawo amafika ku ubongo. Mwa odwala depression ena, osati onse, mauthengawa amapezeka okwera ngakhale palibe cironda kapena malungo. Uku ndi kutupa kwa m'kati kosaoneka ndi maso.

Codabwitsa n'cakuti ECT imayamba yakweza IL-6. M'maola oyamba thupi limadzidzimuka ngati lavulazidwa, kenako imatsikanso. Koma pa milungu ingapo nkhani imasintha. Ku Norway mu 2003 anapeza kuti TNF yokwera ya odwala inali kutsika pang'onopang'ono mpaka kulingana ndi ya anthu abwino. Ku Los Angeles mu 2018 anaona kuti odwala amene anayamba ndi IL-6 yokwera ndiwo anapeza bwino koposa. Odwala opimidwawo anali ocepa, motero dokotala sasankha cithandizo poona magazi amenewa. Amaona mkhalidwe wa wodwalayo.

Cina, musasokoneze zimenezi ndi CD4. ECT si mankhwala a HIV, ndipo amene ali pa ma ARV asaleke kumwa.

Bvuto lake lenileni ndi kuiwala. Wodwala angaiwale zocitika za masiku amenewo, mutu n'kumuwawa. Kwa ambiri zimacepa pakapita milungu, ngakhale ena zinthu zina sazikumbukiranso. Abale, musanasaine pepala lobvomera, funsani za ici, ndipo uzani adokotala ngati wodwalayo ali ndi matenda a mtima kapena BP.