MAKOMPYUTA AKALE A M'MASUKULU ANGATHE KUGWIRABE NCHITO NGATI APEZA WOWASAMALIRA

Pa 14 October 2025, kampani ya Microsoft ya ku America inaleka kutumiza zokonzera ndi zotetezera makompyuta oyendera Windows 10, kupatula kwa okhao amene analembetsa mwapadera kuti aonjezeredwe nthawi. Nkhaniyi ingamveke ngati ya kutali, koma ikhudza masukulu, zipatala zazing'ono ndi maofesi a makopaletivu a m'midzi, kumene makina ena anafika ngati mphatso atagwira kale nchito kwina. Makina akale otere kawiri-kawiri sangalandire Windows 11 cifukwa alibe zipangizo zimene pulogalamu yatsopanoyo imafuna, ndipo ndalama zogulira ena sizipezeka mwamsanga.

Makolo ndi aphunzitsi akumbukira zimene zinacitika m'caka ca 2015, pamene ana a Geredi 9 analemba kwa nthawi yoyamba mayeso a phunziro la makompyuta. M'masukulu ambiri makina anali ocepa ndipo magetsi anali kuzima, kotero kuti ana ena anali kudikirana mpaka usiku. Cicokereni nthawi imeneyo aliyense adziwa kuti kompyuta imodzi ikafa pa sukulu ya kumudzi, ana ambiri amataya mwai wao wophunzira.

LINUX NDI CIANI?

Kompyuta iriyonse imafuna pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse za m'kati mwake. Windows ndi imodzi mwa mapulogalamu otere, ndipo Linux ndi ina. Linux inayamba m'caka ca 1991 pamene Linus Torvalds, wophunzira pa univesite ya Helsinki ku Finland, analemba phata lake ndi kulipereka poyera. Phatalo linaphatikizidwa ndi zida za gulu la GNU, limene Richard Stallman anayambitsa mu 1983. Cilolezo cake cimalola munthu aliyense kuigwiritsa nchito, kuikopera anzake ndi kuisintha popanda kugula laisensi.

Magulu osiyana-siyana amasonkhanitsa Linux ndi mapulogalamu ena kuti munthu alandire cinthu cathunthu. Gulu la Debian linayambitsidwa ndi Ian Murdock mu 1993, ndipo pa maziko a Debian panamangidwa Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaturutsa mu October 2004. Dzina lakuti Ubuntu ndi liu la Cizulu ndi Cixhosa lofanana ndi umunthu wa m'Cinyanja. Pali Lubuntu ndi Xubuntu, zimene zinapangidwa zopepuka kuti ziziyenda pa makina a mphamvu yocepa, ngakhale kuti makina akale kwambiri a mtundu wa 32-bit Ubuntu inaleka kuwathandiza.

Kuika Linux pa kompyuta ndi nchito ya tsiku limodzi. Bvuto leni-leni limadza pambuyo pake, pamene wina ayenera kulembetsa ana atsopano, kuika zokonzera, kusunga makalata kuti asataike ndi kuzindikira makina amene ayamba kudwala. Munthu wogwira nchito imeneyi amachedwa system administrator pa Cingerezi, ndipo ali ngati kapitao wa makinawo. Pa sukulu ya kumudzi udindowu nthawi zambiri umagwera mphunzitsi mmodzi amene ali kale ndi makalasi ake, ndipo funso lake loyamba limakhala lakuti zida zomuthandiza angazipeze kuti.

POYAMBIRA NDI KU NKHOKWE

Amene anazolowera Windows amafufuza pulogalamu pa intaneti ndi kuitenga paliponse pamene aipeza. Pa Linux njira yoyenera ndi yosiyana. Gulu lirilonse liri ndi malo ake osungira mapulogalamu amene linaona kale ndi kuikapo cidindo cake, ndipo malowo amachedwa repository, kunena kuti nkhokwe. Pamene Debian 12 inaturuka mu 2023, m'nkhokwe yake munali mitokoma ya mapulogalamu yoposa 60,000.

Pa Debian ndi Ubuntu, cida cotsegulira nkhokweyi ndi apt. Kapitao akalemba mau akuti apt search motsatana ndi dzina la nchito imene afuna, monga backup, kompyuta imamuonetsa mapulogalamu onse ogwira nchitoyo. Mau akuti apt show amalongosola pulogalamu imodzi, kukula kwake ndi amene amaisamalira, ndipo apt install amaibweretsa pamodzi ndi zina zonse zimene imadalira. Asanaike kanthu, apt imayamba yaona ngati cidindo ca nkhokwe ciri coona, ndipo ikapeza kuti wina anasintha mtokoma panjira imacenjeza ndi kukana. Kwa amene sakonda kulemba malamulo pali Synaptic, imene imaonetsa zonsezi pa mndandanda wosankha ndi mausi.

Pa Linux pali dzina limodzi lokhala ndi mphamvu zonse, lochedwa root, limene lingathe kufafaniza ciriconse m'kompyuta. Ndi cifukwa cake kapitao wanzeru amagwira nchito za tsiku ndi tsiku ndi dzina wamba, ndipo amabwereka mphamvu za root kwa kanthawi ndi lamulo la sudo pokhapo pamene pafunika. Mau acinsinsi a dzina limeneli sayenera kulembedwa pa bolodi kapena kupatsidwa kwa ana a sukulu.

ZIDA ZA KAPITAO

Pa nchito yoyang'anira kompyuta imodzi yaikulu imene imatumikira zinzake, yochedwa seva, pali zida ziwiri zodziwika bwino. Webmin inalembedwa ndi Jamie Cameron wa ku Australia ndipo inaturuka mu 1997. Imalola kapitao kulembetsa anthu, kuyang'anira maprinta ndi kukonza nthawi ya nchito zobwereza-bwereza pongodzaza mafomu. Cockpit, imene kampani ya Red Hat imathandiza, imaonetsa mmene makina akugwirira nchito, malo amene atsala m'diski ndi mauthenga a zolakwika. Cockpit iri m'nkhokwe za Debian ndi Ubuntu, pamene Webmin imatengedwa ku nkhokwe ya eni ake.

M'cipinda cophunzirira muli nchito ina. Mphunzitsi amafuna kuona zimene mwana aliyense akucita, kuonetsa phunziro pa makina onse nthawi imodzi ndi kuwazimitsa onse pomaliza. Epoptes, imene inapangidwira masukulu a ku Greece, imacita zimenezi, ndiponso Veyon imacita cimodzi-modzi pa Linux ndi pa Windows pomwe. Ngati makina ali ofanana, Clonezilla yocokera ku Taiwan imakopera zonse za kompyuta imodzi yokonzedwa bwino ndi kuziika pa zinzake, kotero kuti mphunzitsi sabwereza nchito imodzi kakhumi.

Kumene kuli makina ambiri m'malo otalikirana, monga masukulu a boma limodzi, akatswiri amagwiritsa nchito Ansible, imene Michael DeHaan anayambitsa mu 2012 ndipo Red Hat inaigula mu 2015. Kapitao amalemba pa fayilo imodzi mmene afunira kuti makina onse akhalire, ndipo Ansible imalowa m'makinawo kudzera pa njira yotetezedwa ya SSH ndi kuwakonza. Palinso Nagios ndi Zabbix, zimene zimalondera makina usana ndi usiku ndi kutumiza uthenga wina akaleka kuyankha. Komabe sukulu yokhala ndi makompyuta khumi siifuna zida zazikulu zotere, ndipo kuziika kungangoonjezera katundu pa munthu mmodzi.

MAGETSI NDI MABANDULO

Cilala ca 2024 cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, ndipo magetsi anali kuzima kwa maola ambiri pa tsiku m'dziko lonse la Zambia. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi pamene ikulemba m'diski, makalata amatha kuonongeka. Batire yochedwa UPS imasunga moto kwa mphindi zocepa, ndipo mapulogalamu a apcupsd ndi Network UPS Tools amamva kuti magetsi apita ndi kuzimitsa makina mwadongosolo batire isanathe. Cida cina cochedwa smartmontools cimawerenga zizindikiro za diski imene yayamba kutopa, kuti isinthidwe isanafe.

Ngakhale pali zonsezi, cinthu cofunika koposa ndico kusunga makalata m'malo awiri. Cida ca rsync, cimene Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anaturutsa mu 1996, cimakopera zokhazo zimene zasintha, kotero nchito ya tsiku ndi tsiku imatha msanga. Cida ca cron cimaiyambitsa cokha pa ola limene kapitao anasankha. Diski yosungirayo iyenera kukhala m'nyumba ina, cifukwa moto, mphezi kapena mbala zikalowa m'cipinda cimodzi zimatenga zonse ziwiri. Nthawi ndi nthawi kapitao ayenera kuyesa kubweza kalata imodzi kucokera ku diskiyo, popeza ambiri amazindikira kuti sanasunge kanthu tsiku limene zinthu zataika kale. Pa cipatala nkhaniyi ndi yolemera kwambiri, pakuti lamulo la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti mbiri ya anthu isungidwe motetezedwa.

Mtengo wa mabandulo a intaneti ndi bvuto lina. Makina makumi awiri akatenga zokonzera zofanana aliyense payekha, sukulu imalipira kanthu kamodzi ka makumi awiri. Pulogalamu ya apt-cacher-ng imasunga pa seva mtokoma uliwonse umene wabwera koyamba ndi kuugawira makina otsalawo. Kumene kulibiretu intaneti, apt-offline imalemba mndandanda wa zofunika pa fulashi, ndipo mphunzitsi akapita ku Chipata, Katete kapena Lundazi amakatenga zinthuzo ndi kubwera nazo. Mwa njira yofananayo, Kiwix imasunga Wikipedia m'kompyuta kuti ana aziwerenga popanda intaneti.

MAFUNSO OYENERA KUFUNSA

Akulu-akulu anati safunsa anadya phula. Pulogalamu kukhala yaulere sikutanthauza kuti iriyonse ndi yoyenera, ndipo pali zinthu zitatu zofunika kuona. Coyamba ndi kumene yacokera. Mu March 2024, katswiri wina, Andres Freund, anazindikira kuti kulowa m'makina ake kunali kucedwa ndi theka la sekondi, ndipo atafufuza anapeza khomo lobisika m'cida caching'ono cochedwa xz. Munthu amene analiikamo anali atagwira nchito ndi eni cidaco kwa zaka pafupi-fupi ziwiri kufikira anamukhulupirira. Ciwembuco cinagwidwa cisanafike m'mitundu yokhazikika ya Debian ndi Ubuntu, imene imalandira zatsopano mocedwa zitayesedwa. Apa pali phunziro lakuti sukulu ndi cipatala zisathamangire mapulogalamu ongoturuka kumene, ndiponso zisakopere malamulo osadziwika ndi kuwapatsa mphamvu za root.

Caciwiri ndi utali wa nthawi imene eni ake alonjeza kuithandiza. Ubuntu imaturutsa mtundu wochedwa LTS m'mwezi wa April pa zaka ziwiri zirizonse, ndipo mtunduwo umalandira zokonzera kwa zaka zisanu popanda malipiro. Malonjezo otere nthawi zina amasintha. Mu December 2020 kunalengezedwa kuti CentOS 8, imene anthu anali kuyembekezera kuti ifika 2029, itha kumapeto kwa 2021. Ambiri anabvutika, koma popeza malemba ake anali otseguka, magulu ena anapanga Rocky Linux ndi AlmaLinux kuti zilowe m'malo mwake.

Cacitatu ndi munthu wotsatira. Mphunzitsi amasamutsidwa, namwino amapita ku maphunziro, ndipo makina amatsala ndi mau acinsinsi amene palibe wina awadziwa. Ndi bwino kusankha zida zodziwika zimene munthu wina angaphunzire msanga, ndi kulemba m'buku lacikuto colimba zonse zimene zaikidwa, tsiku lake ndi cifukwa cake. Mau acinsinsi a kapitao aikidwe m'envulopu yomata ndi kusungidwa ndi mphunzitsi wamkulu.

LUSO LIKHALE M'MUDZI

Zambia inalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzera mwa ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia, ndipo inali limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kucita zimenezi. M'zaka za m'ma 2000, ku Macha m'boma la Choma, bungwe la LinkNet linalumikiza nyumba ndi malo a nchito ndi mawailesi ang'ono-ang'ono oyendera mapulogalamu otseguka, ndipo linaphunzitsa acinyamata a komweko kuwaika ndi kuwakonza. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ciwerengero ca nchito za zipatala ndi DHIS2, pulogalamu yotseguka imene inakulira pa univesite ya Oslo ku Norway. Zonsezi zionetsa kuti mapulogalamu otseguka ndi alendo akale m'dziko lino.

Linux siithetsa bvuto lirilonse. Maprinta ena sagwirizana nayo, ndipo pali mapulogalamu a m'maofesi amene anapangidwira Windows yokha. Ciri canzeru kuti sukulu iyambe yafunsa akulu a zamaphunziro a m'boma lao za mapulogalamu ofunika pa mayeso, kenaka iyese Linux kucokera pa fulashi pa kompyuta imodzi popanda kufafaniza kanthu. Zikayenda bwino, komiti ya makolo ndi aphunzitsi isankhe anthu awiri, osati mmodzi, oti aphunzire kusamalira makinawo, ndipo ipatule ndalama pang'ono zogulira diski yosungira makalata ndi batire ya UPS isanaganize za makompyuta atsopano.